Kagalimoto Kakale: Mphamvu Zake Zinapita Kuti?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA:  Lero tikamba za tigalimoto ting'onoting'ono timene tadzaza misewu yathu: Vitz, Passo, Fit, March, Demio, Mira, osaiwala Sienta imene yasanduka basi ya m'madera ambiri. Pafupifupi tonseti tinachokera ku Japan titagwirako kale ntchito, ndipo kuno tikukalambira m'fumbi. Eni ake dandaulo lawo ndi limodzi: sikukoka ngati kale, koma mafuta ndiye ikumwa. Ndili ndi bambo amene akhala akukonza magalimoto otere kwa zaka zambiri. Takulandirani, bambo.

MAKANIKO: Zikomo mayi, ndipo moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Tisachedwe. Munthu ali ndi ka Vitz ka zaka 15. Agule chiyani kuti kawonjezere mphamvu?

MAKANIKO: Ndalamayo ayambe waisunga m'thumba. Ku galaja anthu amabwera ndi zofuna ziwiri. Ena amati tiwonjezerepo kanthu, ekisozi yaikulu yobangula kapena mankhwala othira m'thanki. Ena amati tichotsepo kanthu, ndipo amenewa ndi amene amawononga kwambiri. Injini ya 1000cc ya masilinda atatu, imene imatchedwa 1KR, ya mu Vitz ndi Passo, inatuluka m'fakitale ili ndi ma horsepower pafupifupi 70. Basi. Ekisozi yobangula ija imawonjezera phokoso lokha. Ntchito yathu ndi kufufuza kuti mwa 70 amenewo atsala angati, ndipo enawo akuthawira pati.

WOULUTSA: Nanga amathawira pati?

MAKANIKO: Ena anathawa kalekale, tsiku limene galimotoyo inanyamuka pa doko la Dar es Salaam n'kuyamba kukwera kulinga ku Songwe. Injini imapuma mpweya, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse okwera. Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, Mzuzu ali pamwamba kuposa pamenepo, Dedza ndiye cha m'ma 1,500. N'chifukwa chake mukatsikira ku Nsanje mumamva ngati galimoto yatsitsimuka. Zimenezo palibe makaniko angakubwezereni. Kenako pali katundu. Vitz payokha imalemera makilogalamu pafupifupi 1,000. Kwezanimo akuluakulu asanu ndi matumba atatu a chimanga a 50 kg, mwaisenzetsa pafupifupi theka la kulemera kwake. Ikamalira pa chitunda musaitukwane.

WOULUTSA: Zimenezo tavomereza. Tiuzeni za mphamvu zimene zingabwerere.

MAKANIKO: Tiyambe ndi nkhani imene imandipweteka mtima, ya thermostat. Ndi kachitsulo kakang'ono kokhala pa njira ya madzi pakati pa injini ndi rediyeta. Injini ikazizira kamatseka, madzi azizungulira m'kati mokha kuti itenthe msanga. Ikafika madigiri opitirira 80 kamatseguka, madzi n'kupita ku rediyeta. Ndiye pali chikhulupiriro chimene chinazika mizu m'magalaja mwathu, chakuti kameneka n'ka mayiko a chipale, kuno n'kosafunika. Galimoto ikangofika, anyamata amakachotsa, n'kulumikizanso fani kuti izizungulira nthawi zonse kiyi akangotembenuzidwa.

WOULUTSA: Inenso ndinamva choncho, kuti injini yozizira ndiyo yabwino.

MAKANIKO: Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha, cha m'ma digiri 90. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti madzi akadali ozizira, imaganiza kuti kukadali m'mawa, choncho imathira petulo wochuluka kuti injini itenthe. Mukachotsa thermostat, m'mawa umenewo suthera. Mumayenda kuchoka ku Area 25 mpaka m'tauni kompyuta ikungothirabe petulo. Wina amapsa, wina amatsikira m'mbali mwa masilinda n'kukasungunula oyilo, wina amasiya mwaye pa mapulagi. Tigalimoto tambiri timeneti tilibe muvi wosonyeza kutentha, tili ndi kagetsi kobiriwira kapena ka buluu kosonyeza kuzizira, ndi kofiira kosonyeza kuwira. Kozizirako kayenera kuzima patangopita mphindi zochepa mutanyamuka. Ngati kakuchedwa kwambiri kuzima, kapena kakuyakanso pamene mukutsika mtsetse, pitani mukafunse ngati thermostat ilimo.

WOULUTSA: Koma bambo, anthu amaichotsa chifukwa galimoto imawira. Mu Okutobala ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40.

MAKANIKO: N'zoona, koma thermostat yamoyo siwiritsa injini. Ikafa itatseka, inde, ndipo mankhwala ake ndi kugula ina. Nthawi zambiri chimene chawiritsa injini ndi rediyeta yotsekeka, ndipo chimaitseka ndi madzi amene timathiramo. Madzi a pa mjigo ndi a pa mpopi ali ndi mchere umene umaundana m'timipaipi ta rediyeta, komanso amabweretsa dzimbiri. Coolant, madzi a utoto aja, ntchito yake yaikulu kuno ndi kuteteza dzimbiri ndi kusunga pampu ya madzi. Tsegulani chivindikiro m'mawa injini isanalizidwe. Mukaona madzi ofiirira a matope, dziwani kuti chitsulo chikudyeka m'kati. Ndipo chivindikirocho musachipeputse. Pa Lilongwe madzi amawira asanafike n'komwe madigiri 100, chifukwa cha kukwera kuja. Chivindikiro chili ndi sipuling'i imene imapanikiza madziwo kuti asawire mpaka cha m'ma 120. Pamwamba pake palembedwa 0.9 kapena 1.1. Labala yake ikang'ambika, galimoto imawira pa chitunda chilichonse, mwini wake n'kuyamba kuuzidwa za gasiketi, pamene vuto ndi kanthu kotsika mtengo kuposa tayala limodzi.

WOULUTSA: Kagetsi kofiira kakayaka ndili pa msewu, ndichite chiyani?

MAKANIKO: Imani pomwepo, zimitsani injini. Musanene kuti ndingofika pa sitolo apo. Mutu wa injini zimenezi ndi wa aluminiyamu, umapindika msanga. Ndipo musatsegule chivindikiro injini ili moto, mayi. Ndaonapo anthu atasupuka manja ndi nkhope. Dikirani izizire, ndiye muthire madzi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene, tikukamba za m'mene tingabwezeretsere mphamvu za tigalimoto takale. Bambo, tifike pa oyilo. Ambiri amati galimoto ikakalamba imafuna oyilo wolimba.

MAKANIKO: Malangizo amenewo anali oona pa Peugeot 404 ndi Land Rover za makolo athu. Injini za mu Vitz, Sienta, Probox ndi Fit zili ndi tinjira ta oyilo topapatiza kwambiri. Pa za Toyota mumaona palembedwa VVT-i. Ndi kachipangizo kamene kamasintha nthawi yotsegukira mavavu malinga ndi liwiro la injini, ndipo chimene chimakakankha ndi oyilo yemweyo, podzera pa kasefa kakang'ono kuposa chala. Kuthiramo 20W-50 kuli ngati kumuuza mwana kuti akoke phala la mgaiwa ndi kapaipi komwera zoziziritsa kukhosi. M'mawa oyiloyo amachedwa kufika pamwamba, tcheni chimalira, ndipo mphamvu zina za injini zimathera pa kupopa oyilo. Zambiri mwa injinizi zimayenda bwino ndi 5W-30, ndipo ina ikayamba kudya oyilo pang'ono mutha kukwera kufika pa 10W-40. Ikamafuka utsi wa buluu, vuto ndi maring'i kapena malabala a mavavu. Oyilo wolimba amangobisa utsiwo kwa miyezi ingapo.

WOULUTSA: Asinthidwe pakapita nthawi yaitali bwanji?

MAKANIKO: Ndi fumbi lathuli, ndi maulendo afupiafupi a m'tauni, ine ndimati makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Fyuluta isinthidwe limodzi ndi oyilo, nthawi zonse. Injinizi sizimwa n'komwe malita 4, choncho lita imodzi ikasowa yasowa yambiri. Solani kachitsulo koyezera Loweruka lililonse, galimoto ili pa malo athyathyathya. Ndiponso gulani oyilo wa m'chigubu chomata, pa malo odziwika. Wa m'mabotolo a pa msewu uja simudziwa kumene wachokera. Wina amakhala wotsalira m'magalimoto ena, angomusefa.

WOULUTSA: Nanga mpweya umene mwati injini imapuma?

MAKANIKO: Imeneyo ndiye ntchito yosavuta, mwini galimoto atha kuichita yekha. Fyuluta ya mpweya ili m'kabokosi kakuda kotsekedwa ndi tizitsulo tiwiri kapena tinayi. Itulutseni, muiyang'anitse ku dzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, yatha. Pa sevisi anyamata amakonda kuiuzira ndi kompuresa, koma mpweya wamphamvu umaboola pepala lija timabowo tosaoneka, fumbi n'kumalowa m'masilinda n'kumapala makoma. Kuigogoda pang'ono kuli bwino, kugula ina kuli bwino koposa. Kuseri kwa fyulutayo, pa injini zambiri monga 1NZ ya mu Sienta, pali sensa imene imayeza mpweya wolowa. Ili ndi kawaya kopyapyala kotentha. Fumbi likakamatira, kamanamiza kompyuta, galimoto n'kumazengereza mukaponda. Pali mankhwala ake opopera otsukira. Osakakhudza ndi chala, nsanza kapena waya.

WOULUTSA: Mapulagi?

MAKANIKO: Wamba amayenda makilomita 20,000 mpaka 30,000. A iridium okhalitsa aja amafika 100,000, akakhala enieni, pakuti achinyengo olembedwa mayina a makampani otchuka ali mbwee m'misika. Apa ndiwauze a Honda Fit yoyamba ija, imene inayamba kupangidwa mu 2001, ya injini ya 1300cc yolembedwa i-DSI. Ili ndi masilinda anayi koma mapulagi ndi 8, awiri pa silinda iliyonse. Anayi ali kutsogolo poonekera, anayi ali kumbuyo kovuta kufikako. Ambiri amasintha akutsogolo okha. Akumbuyowo amapezeka ali omwe anachoka nawo ku Japan, ndipo akatopa amapha makoyilo. Fit yanu ikamadukiza pa chitunda, funsani makaniko wanu kuti wasintha angati.

WOULUTSA: Eni ma Fit amva. Tsopano pali chinthu cha mu ekisozi chimene anthu akuchotsa, ena mpaka kugulitsa.

MAKANIKO: Catalytic converter. M'kati mwake muli tizitsulo ta mtengo wapatali, platinum, palladium ndi rhodium, n'chifukwa chake ogula sasowa. Chenjerani ndi munthu amene akukuuzani kuti achotse kwaulere kuti galimoto ipume bwino. Malipiro ake ali m'chimene akuchotsacho. Ikakhala yamoyo siibera injini mphamvu zoti mungazimve. Imatsekeka pamene injini yakhala nthawi yaitali ikuwotcha oyilo kapena ikutaya petulo wosapsa chifukwa cha mapulagi akufa. Mukangoichotsa osakonza chimene chinaitseka, vuto lija mukuyenda nalobe, kuwonjezapo fungo loipa kwa amene ali kumbuyo kwanu, ndi kagetsi kachikasu ka check engine koyaka usana ndi usiku.

WOULUTSA: Kamene ena amakamata ndi tepi yakuda.

MAKANIKO: (AKUSEKA) Ena amachita kuzula babu lake, makamaka akafuna kugulitsa galimoto. Pogula galimoto, tembenuzani kiyi osaliza injini. Kagetsiko kayenera kuyaka, kenako kuzima injini ikalira. Ngati sikakuyaka n'komwe, wina wakapha. Ndipo kakayaka mukuyenda, pitani kwa amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Akulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Makinawo amaloza dera limene lavuta. Popanda iwo mugula makoyilo lero, pampu mawa, masensa mkuja, ndalama n'kutha vuto lili pomwepo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tikambeko za mafuta enieniwo, poti masiku ena timathira chilichonse chimene tapeza.

MAKANIKO: Petulo wa pa filing'i siteshoni kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Dziko lino linayamba zimenezi mu 1982, ndipo injini zimayenda naye bwinobwino. Kungoti ethanol amakoka chinyezi, choncho galimoto yoimikidwa miyezi yambiri ndi thanki yopanda kanthu imachita dzimbiri m'kati. Choopsa ndi petulo wa m'zigubu. Wina amathiridwa parafini, wina ali ndi madzi ndi zinyalala za m'chigubumo. Parafini amachititsa injini kugogoda mukaponda pa chitunda, ndipo kugogoda kumeneko kumadya mapisitoni. Zikavuta ndithu, thirani wongokufikitsani, kudzera pa nsalu yoyera. Chinanso ndi chizolowezi choyenda kagetsi ka mafuta kali choyaka. Pampu ili m'thanki momwemo, ndipo chimene chimaiziziritsa ndi petulo amene yamiramo. Ndikudziwa kuti thumba ndi limene limalamula, koma pampu ikapsa mudzalipira zoposa malita amene mumapewa aja.

WOULUTSA: Pali mayi wina anandidandaulira kuti giyabokosi ya Sienta yake inafa patangopita mwezi atasintha oyilo wake.

MAKANIKO: Mwina anamuthirira wolakwika. Tigalimoto tambiri ta otomatiki ta zaka za m'ma 2005 kubwera kuno tili ndi giyabokosi yotchedwa CVT. Ilibe magiya oti loyamba, lachiwiri, lachitatu. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amafutukuka ndi kupanikizana. Lambayo amafuna oyilo wake wapadera woti agwire osaterereka. Toyota ili ndi TC ndi FE, Fit yoyamba ija imafuna HMMF, Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3. Mukathiramo ATF wofiira wa ma otomatiki akale, lamba amaterereka n'kupala mapule, ndipo pamenepo palibenso kukonza, n'kugula ina. Ambiri a ife timalangiza kusintha pa makilomita 40,000 alionse. CVT imadananso ndi zinthu ziwiri: kukoka galimoto inzake, ndi kupalasa m'matope mutatitimira. M'dzinja, mukatitimira itanani anthu akukankheni.

WOULUTSA: Nthawi ikutithera, koma sitinafike pansi, pa matayala.

MAKANIKO: Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa mzati pali kapepala. Mawu ake ndi a Chijapani koma manambala mutha kuwerenga: 220 kapena 230 kPa, kumene ndi 2.2 kapena 2.3 pa geji ya bar, cha m'ma 32 kapena 33 pa geji ya psi. Tayala lochepa mpweya limakoka galimoto m'mbuyo, limamwetsa mafuta, limatentha n'kuphulika. Kuyeza ndi kuponda ndi phazi sikuyeza. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi m'kabokosi: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala la kaunjika litha kukhala ndi mano okongola koma labala yake itauma ndi ukalamba. Mukaonanso mawu akuti studless, limenelo ndi tayala la pa chipale; magalimoto ambiri amabwera nawo. Pa phula lotentha limafewa, limatha msanga, ndipo pa mvula galimoto imachedwa kuima. Mukadali pansi pomwepo, suzumirani malabala akuda a CV joint kuseri kwa matayala akutsogolo. Labala ikang'ambika girizi amatuluka, mchenga n'kulowa, kenako mumamva kuti tha-tha-tha pokhota. Kusintha labala msanga kumapulumutsa joint yonse. Gwiraninso malimu mutayenda ulendo waufupi. Limodzi likatentha kuposa anzake, buleki yagwira, ndipo mwakhala mukulimbana nayo ulendo wonse.

WOULUTSA: Potchula mabuleki, ndakumbuka fungo la kupsa limene timamva potsika ku Thabwa kupita ku Chikwawa, kapena pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti.

MAKANIKO: Ndi pa Chiweta pomwe. Fungo limenelo ndi la munthu amene waika giya pa D, kapena pa N kuti apulumutse mafuta, n'kumatsika phazi lili pa buleki. Mafuta sakupulumutsa n'komwe. Galimoto za kompyutazi zikamatsika zili mu giya phazi litachoka pa moto, kompyuta imadula petulo. Pa N imathirabe kuti injini isazime. Ndiye mapadi amatentha, kutenthako kumafika ku oyilo wa mabuleki. Oyilo ameneyu amayamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka, ndipo wokalamba amawira msanga. Akawira, phazi limangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ngakhale akuoneka wodzaza. Musanayambe mtsetse, tsitsani ndodo ya giya pa B, pa S, pa 2 kapena pa L, malinga ndi zimene zalembedwa pa galimoto yanu. Injini ilira kwambiri, musachite mantha, ndi ntchito yake. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya, kuti ipeze mpata wozizira.

WOULUTSA: Amene wangolandira galimoto sabata ino kuchokera ku doko, ayambire pati?

MAKANIKO: Asakhulupirire makilomita a pa dashibodi, ndipo asaganize kuti wina anaisamala m'njira. Asinthe oyilo wa injini ndi fyuluta yake, fyuluta ya mpweya, coolant, oyilo wa mabuleki ndi wa giyabokosi. Afunse ngati injini yake ili ndi tcheni kapena lamba wa timing. Vitz, Sienta ndi Fit zili ndi tcheni, chimene chimangofuna oyilo woyera. Corolla zakale za injini ya 4A ndi 5A zili ndi lamba wosinthidwa pa makilomita 100,000; ku Japan amamata kapepala pa injini kosonyeza pamene anasinthira. Agule kope la ana a sukulu, azilemba tsiku, makilomita ndi chimene chasinthidwa. Ndipo ku galaja aziuza anyamata kuti chilichonse chimene achotsa amuikire m'buti.





WOULUTSA: Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za batire, alternator ndi mawaya, komanso zimene amayang'ana poyeza galimoto kuti ilandire COF. Konzani mafunso anu. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)